Wailesi pa Tsiku la Sabata Kanema Asanadze

Kanema wa dziko lino, Television Malawi, adayamba m'chaka cha 1999. Koma ku Nkhoma, ku Mitundu ndi ku Nathenje zosangalatsa za tsiku la Sabata zidafika kale lomwe, zodzera m'khutu. M'chaka cha 1949 idabwera wailesi yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati mphika, ya mtengo wa mapaundi 5, imene inkakoka mawu a Chinyanja ochokera ku Lusaka.

Eni ake adali owerengeka: aphunzitsi, eni sitolo, ndi amuna obwerera ku Halale. Pamene makasu apumula, anthu potuluka m'tchalitchi ankasonkhana pakhonde la mwini wailesi kudzamva nkhani za m'maiko ndi nyimbo za Alick Nkhata. Koma chimene onse ankadikira ndicho "Zimene Mwatifunsa", m'mene munthu wa ku migodi ya Kitwe ankatumiza moni kwao pamodzi ndi nyimbo. Kalata inkachedwa, ndipo makolo ena adakhala zaka osamva za ana awo.

Kwa Mkhristu wa ku Nkhoma, woleredwa kusunga Sabata mosamala, kulira kwa gitala pa tsikuli kudali kovutitsa mtima. Komabe ndani akadatseka wailesi dzina la mwana wake lisanatchulidwe?