Sitampa Yathu Inali Nthochi

Ndili mwana, mudzi wathu wa kufupi ndi Nyimba unkalankhula ndi Lusaka kudzera pa zenera la basi. Ambuya ankandikhazika pamphasa, ine n'kuthothola pepala pakati pa kope la kusukulu, iwo n'kumatchula mawu opita kwa amalume ku Matero. Kukacha tinkalawirira kumsewu wa Great East, pamene azimayi amagulitsa nthochi, kukadikira basi ya UBZ yochokera ku Chipata. Tikaona nkhope yodziwika, tinkapereka kalata pamodzi ndi phava la nthochi. Wonyamulayo akadya nthochi asanaoloke Luangwa, manyazi ankamugwira, ndipo kalata inkafika ndithu.

Positi ofesi inalipo pa boma, koma lamya inali ya akuluakulu a m'maofesi. Kampani ya positi ndi lamya ya PTC itagawidwa mu 1994 kukhala Zampost ndi Zamtel, kwathu sitinaone kusintha kulikonse, poti waya sunali kufika n'kale. Chimene chinatikhudza n'kutha kwa UBZ mu 1995. Uthenga wa maliro tinkaumvera pa wailesi, mabatire titayamba tawayanika padzuwa.

Foni yam'manja yoyamba m'mudzi mwathu inali Nokia ya aphunzitsi ena, ndipo inali ya tonse, iwo afune asafune. Netiweki inkagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa munda wa thonje. Anthu ankaima pamzere pansi pa chulucho ngati pachigayo, choncho zinsinsi za m'banja zinkamveka ndi aliyense. Tokotaimu inali yodula, ndiye tinaphunzira kupeja: uimbe, ikangolira kamodzi udule, wa ku tauni aimbe yekha. Ena amati kumeneko kunali kuumira. Ine ndimati kunali kugawana katundu mwanzeru, wolandira malipiro n'kusenza mbali yolemera. Batire ikatha, mwana ankapalasa njinga kupita kugolosale komwe ankatchaja ndi batire ya galimoto.

Kampani ya mafoni ya Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, koma ambuya anamwalira akuitchabe Celtel.

Lero pafupi ndi ogulitsa nthochi aja pali timabufu ta Airtel Money ndi MTN, ndipo ndalama yochokera ku Lusaka imafika nsima isanapse. Chulu chija anachigumula n'kuumbira njerwa za tchalitchi. Mwana wa achemwali anga, amene amagula mabando a tsiku limodzi kuti aone WhatsApp, amandipejabe mwezi ukamatha.