Nyumba za masewera a pamakina: cimene akale amapukwa

Pakati pa 1978 ndi 1983, m'mizinda ya ku Japan, United States ndi ku Ulaya munafala nyumba zamtundu wacilendo. M'kati mwake munkakhala kamdima ndi phokoso losatha, ndipo m'mbali mwa khoma munkandandalika makina oimirira, aatali ngati kabati ya zovala. Makina ambiri anali ndi galasi longa la wailesi yakanema, kandodo koyendetsera, mabatani angapo ndi kabowo koponyamo ndalama yacitsulo. Munthu akaponya ndalama masewera ankayamba, akagonja ankathera pomwepo. M'Cingelezi nyumba yotere amati arcade, m'Cipwitikizi salão de jogos.

Ana amene ankathera ndalama zawo m'nyumbazi lero ndi anthu a zaka za m'ma 50 ndi 60, ndipo ambiri amakamba za nthawiyo ndi mtima wopukwa, uja Apwitikizi amati saudade. Koma masewerawo sanatayike: onse pamodzi angakwane m'foni imodzi ya m'manja. Cimene cinatayika ndi bwalo limene makinawo ankasonkhanitsa, ndipo mbiri ya nyumbazi ikusonyeza mmene bwalolo linabadwira ndi mmene linabalalikira.

Kubwereka kompyuta kwa mphindi zocepa

Mu 1962, Steve Russell ndi anzake a pa Massachusetts Institute of Technology anapanga masewera a pakompyuta, dzina lake Spacewar! Kompyuta imene ankasewererapo, ya PDP-1, mtengo wake unali madola pafupifupi 120,000, conco osewera anali anthu a m'mayunivesite okha. Nolan Bushnell, amene pa nthawi ya maphunziro ake ankagwira ganyu pamalo a zisangalalo ku Utah, anaona njira ina. Banja silingagule kompyuta, koma munthu aliyense angaibwereke kwa mphindi zingapo ndi kandalama kamodzi.

Makina oyamba amene anapanga ndi Ted Dabney mu 1971, Computer Space, sanayende malonda kwenikweni cifukwa kaseweredwe kake kanali kovuta kumva. Mu 1972 awiriwa anayambitsa kampani ya Atari, ndipo katswiri wawo Allan Alcorn anapanga Pong: timizere tiwiri tomenyerana kadontho, ngati tenesi ya patebulo. Anakaika makinawo m'bala ya Andy Capp's Tavern mumzinda wa Sunnyvale, ku California. Posakhalitsa mwini bala anaimba foni kuti makina aja afa. Alcorn atawatsegula anapeza kuti sanafe ayi, koma mosungira ndalama munali mutadzaza ndalama zacitsulo za masenti 25 mpaka zina kusowa polowera.

Pong ankasewera anthu awiri. Wobwera yekha ankayenera kupempha mnzake, ngakhale wosamudziwa. Kuyambira pa ciyambi, makinawa ankakokera anthu pamodzi.

Zilombo 55 ndi zilembo zitatu

Nyengo imene anthu amaikumbuka kwambiri inayamba mu 1978, pamene Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito ku Japan anatulutsa Space Invaders. Pagalasi pankaoneka zilombo 55 zocokera mumlengalenga, m'mizere isanu ya zilombo 11, zikutsika pang'onopang'ono, wosewera akuziwombera ali pansi. Makinawo anali ofooka, moti zilombo zikakhala zambiri ankazijambula mocedwa, zikacepa ankazijambula msanga. Nishikado ataona zimenezi anazisiya dala. Wosewera akamapambana masewera ankanka nafulumira, ndipo kaphokoso kamene kankatsagana ndi zilombozo kankagunda mofulumira ngati mtima wa munthu wamantha.

Ku Japan kunatsegulidwa nyumba zimene munalibe cina koma makina a Space Invaders okhaokha. Anthu amasimba kuti ndalama zacitsulo za mayeni 100 zinasowa m'dziko lonse cifukwa ca masewerawa, koma amene anafufuza ziwerengero za ndalama za zaka zimenezo sanapeze umboni wake. Nthano yotereyi imangosonyeza kukula kwa cidwi cimene anthu anali naco.

Space Invaders inkasunga mapointi apamwamba kwambiri pamutu pa galasi, kuti wobwera pambuyo ayese kuwaposa. Asteroids, imene Atari inatulutsa mu 1979, inafalitsa mwambo wina: amene walowa m'gulu la anthu khumi opambana ankalemba zilembo zitatu za dzina lake. Mwana wosachuka kusukulu ankatha kuchuka m'dera lonse ndi zilembo zitatuzo. Ena ankapikisana miyezi ndi munthu amene sanamuonepo nkhope. Makina ambiri akazimitsidwa usiku maina aja ankafufutika, ndipo m'mawa mpikisano unkayambanso.

Pac-Man

Mu 1980, Toru Iwatani wa kampani ya Namco anaona kuti nyumba za masewera zadzaza ndi anyamata ndi masewera owomberana. Ankafuna masewera amene atsikana ndi anthu obwera awiriawiri angawakonde, ndipo anasankha nkhani ya kudya. Kamunthu kacikasu, kozungulira, kokhala ndi kamwa lokha, kamayenda m'njira zokhotakhota kakudya timadontho, mizukwa inayi ikukathamangitsa. Kakadya dontho lalikulu zinthu zimatembenuka kwa kanthawi, mizukwa n'kuyamba kuthawa.

Dzina lake linacokera ku mvekero wa m'Cijapani, paku-paku, wosonyeza kutsegula ndi kutseka kwa kamwa podya. Cijapani cili ndi mawu ambiri otere, monga mmene Cinyanja cilili ndi phi, gwa ndi psuu. Ku Japan masewerawa analembedwa Puck Man. Powatumiza ku America dzina linasinthidwa kukhala Pac-Man, poopa kuti ana osamva angakande cilembo coyamba n'kulisandutsa mawu otukwana a m'Cingelezi. Ku United States kokha anagulitsa makina oposa 100,000.

Mzukwa uliwonse unali ndi khalidwe lake. Wofiira unkalondola wosewera kumbuyo, wapinki unkayesa kumudulira kutsogolo. Ana anazindikira zimenezi poyang'anitsitsa, napeza njira zoyenera kudutsa, n'kumaphunzitsana. Akatswiri ena anafika pamene opanga masewerawo sankayembekeza kuti munthu angafikepo. Malo amene makinawo amasungamo nambala ya gawo amakwana manambala 256 okha, kuyambira 0 mpaka 255. Pa gawo la 256 theka la galasi limadzaza ndi zilembo zosokonekera, ndipo palibe angapitirire. N'cifukwa cake mapointi a Pac-Man ali ndi malire: 3,333,360.

Caka cotsatira, 1981, Shigeru Miyamoto wa ku Nintendo anatulutsa Donkey Kong, momwe munayambira kamunthu kandevu za pamlomo kamene pambuyo pake kanadziwika ndi dzina loti Mario.

Malamulo osalembedwa

Amene anakula nthawi imeneyo amakumbuka kwambiri mmene anthu ankakhalirana pozungulira makina. Wofuna kusewera pambuyo pa mnzake sankalankhula. Ankaika ndalama yake m'mphepete mwa galasi, ndipo mzere wa ndalamazo ndiwo unali mzere wa anthu. Aliyense ankadziwa yake, ndipo kutenga ya mnzako cinali camanyazi.

Wopanda ndalama sankathamangitsidwa ndi anzake. Ankaima kumbuyo n'kumaonerera, monga zimakhalira pa bawo, pamene osewera ndi awiri koma oimirira ndi khumi, ena akulangiza, ena akuseka. Mwana ankatha kuonerera sabata yathunthu, ndipo tsiku lopeza ndalama ankayamba akudziwa kale kumene ngozi ili. Katswiri akayandikira kuposa mapointi apamwamba, anthu ankasiya makina ena n'kumuzungulira. Kugonja kunkacitikira pagulu, kupambananso pagulu.

Mpikisanowu unakula kupitirira dera limodzi. Walter Day, mwini nyumba ya masewera ya Twin Galaxies m'tauni ya Ottumwa ku Iowa, anayamba mu 1982 kulemba mapointi apamwamba ocokera m'dziko lonse, ndipo caka comweco magazini ya Life inabwera kudzajambula akatswiri acinyamata ataima ndi makina awo mumsewu wa tauniyo.

Zimene kupukwa kumaiwala

Akale amanyadira kuti masewera a nthawi yawo anali ovuta, ndipo n'zoona. Koma kuvutako kunali ndi cifukwa ca malonda. Wogula makina ankalipira madola 2,000 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri ankagawana phindu ndi mwini malo. Munthu mmodzi akasewera ola lonse ndi ndalama imodzi, onsewo ankaluza. Motero masewera ankapangidwa kuti wosewera wamba agonje pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, ali ndi mtima woti akanayesanso kamodzi akanapambana. M'kati mwa makina ambiri munali timaswichi timene mwini ankacepetsera miyoyo ya wosewera kapena kuwonjezera kuvuta.

Makolo ndi aphunzitsi anaona zotsatira zake. Ndalama za cakudya camasana zinkathera m'makina, ndipo ana ena ankathawa m'kalasi. Mu 1981, phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, George Foulkes, anapereka bilu yoti makinawa aziyang'aniridwa ndi makhonsolo, ponena kuti ana ayamba kuba ndi kujomba kusukulu. Biluyo inagwa ndi mavoti 114 kwa 94. Caka comweco pulezidenti Ferdinand Marcos analetsa makinawa m'dziko lonse la Philippines. Mzinda wa Mesquite ku Texas unaletsa ana osakwana zaka 17 kusewera popanda kholo, ndipo mlandu wake unakafika kukhoti lalikulu kwambiri la United States. Tauni ya Marshfield ku Massachusetts inaletsa makinawa mu 1982, ndipo lamulolo linadzacotsedwa mu 2014, patapita zaka 32.

Zonse ziwiri zinali zoona nthawi imodzi. Makina anapangidwa kuti adye ndalama za ana, ndipo ana anamanga ubwenzi, ulemu ndi luso mowazungulira.

Mmene bwalo linabalalikira

Pofika 1983 makina anali ataculuka kuposa osewera. Ankapezeka m'masitolo, m'malo odyera ndi m'malo ocapira zovala, ndipo masewera ambiri atsopano ankangofanana ndi akale. Nyumba zambiri zinatsekedwa. Caka comweco Nintendo inatulutsa ku Japan makina a panyumba a Famicom, amene anafika ku America mu 1985 ndi dzina loti Nintendo Entertainment System. Kholo linkagula kamodzi, mwana n'kumasewera pabalaza, kholo likumuona.

Nyumba za masewera zinatsitsimukanso mu 1991 ndi Street Fighter II ya kampani ya Capcom. Mphamvu yake inali yakale ija ya Pong: anthu awiri oima phewa ndi phewa, wopambana atsala, wogonja apatsa malo wotsatira. Koma kuyambira 1994, pamene Sony inatulutsa PlayStation, makina a panyumba anayamba kufanana mphamvu ndi a m'nyumba za masewera. Kenako intaneti inalola munthu kupikisana ndi wina ali kutsidya la nyanja osatuluka m'cipinda. Cifukwa cimene Bushnell anayambira malondawa, kudula kwa kompyuta, cinali citatha. Ku Japan nyumbazi zinakhalitsa, koma mliri wa COVID-19 unazigwedeza, ndipo pakati pa 2020 ndi 2022 kampani ya Sega inagulitsa nchito yake yoyendetsa nyumba za masewera.

Zimene zasungidwa

Anthu ayesetsa kusunga mbiriyi. Mu 1997 Nicola Salmoria wa ku Italy anayambitsa pulogalamu ya MAME, imene imathandiza kompyuta ya lero kutsanzira makina akale kuti masewera asafe pamodzi ndi zipangizo zawo. Mu 2012 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inaika Pac-Man m'gulu la zinthu zake. Ku Brookfield, pafupi ndi Chicago, kuli Galloping Ghost Arcade, imene inatsegulidwa mu 2010 ndipo ili ndi makina mazanamazana. Kumeneko munthu amalipira pakhomo kamodzi n'kusewera tsiku lonse.

Makina ndi omwe aja, phokoso ndi lomwe lija, koma mantha otaya kandalama komaliza kulibe, ndipo mzere wa ndalama pagalasi kulibenso. Ambiri obwera ndi anthu aimvi, ena atagwira ana awo padzanja kuti awaonetse pamene ankaima. Masewera anapulumutsidwa, koma anzawo a m'dera, amene ankadziwana ndi zilembo zitatu, anabalalika kalekale. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Bwalo lotere limabadwa pamene cipangizo cili cimodzi, ofuna kucigwira ali ambiri. Mphunzitsi amene anaonapo ana asanu ataunjikana pa foni imodzi pa nthawi yopuma, wina akusewera, ena akulangiza ndi kudikira nthawi yawo, waona cinthu cofanana kwambiri ndi cimene ana a 1981 amacikumbuka. Mkangano wa makolo a nthawi ija, wa ndalama, nthawi ndi maphunziro, nawonso ulipo pa foni yomweyo.