Chiwindi Chiyambe Chaona Moto

Senderani kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za anthu amene ankalemekeza chiwindi cha nkhuku. Inu mukapha nkhuku mumangochiponya mumphika limodzi ndi nthutumba ndi zipalapasiro, wochipeza m'mbale ndiye mwayi wake. Kwa Ayuda a ku Lithuania, chiwindi chinali ndi tsiku lake, mpeni wake ndiponso malamulo ake.

Musadabwe kuti ndazidziwa bwanji. Anzanga ambiri a m'mudzi muno analowa mumgodi kudzera ku Wenela, koma ine ku Joni ndinakathera kukhitchini, ndili khukhi m'nyumba ya Ayuda ku Yeoville m'zaka za m'ma 1960. Amene anandiphunzitsa anali agogo a m'nyumbamo, mayi awo a abwana, obadwira ku Lithuania komweko. Ntchito ili m'manja, pakamwa pawo sipankatseka, ndipo zomwe ndikuuzenizi zambiri ndinazimva ndikusenda anyezi.

Kalelo dziko lawo linali pansi pa mfumu ya Russia. Ayuda ankaloledwa kukhala m'zigawo zakumadzulo zokha, ndipo minda ambiri analibe. Ankakhala m'timatauni ting'onoting'ono, wina telala, wina wosoka nsapato, wina woyenda ndi ngolo kugulitsa singano ndi mchere. Pakati pa sabata chakudya chinali mbatatesi, buledi wakuda ndi nsomba zamchere zotchedwa herring. Nyama inkaoneka pa Sabata, ndipo nthawi zambiri inali nkhuku imodzi ya banja lonse. Nkhukuyo sankaipha okha. Ankapita nayo kwa munthu wophunzitsidwa kuzinga mwa chilamulo, shochet, amene mpeni wake sunkayenera kukhala ndi kobenthuka ngakhale pang'ono. Ikabwera kunyumba, panalibe chotaya. Thupi linkalowa mumsuzi, chikopa cha khosi ankachidzaza ufa ndi anyezi n'kuchisoka, nthenga zinkapita mumtsamiro.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pa malamulo a kadyedwe. Mabuku a Mose, omwewa timawerenga kutchalitchi, amaletsa kudya magazi. Amaletsanso nkhumba. Ndipo Ayuda sasakaniza nyama ndi mkaka, mpaka mbale ndi mipeni zimakhala zapaderapadera. Ndiye taganizani mayi wa kudziko la chisanu: batala sangakazingire nyama, mafuta a nkhumba amene anansi ake onse ankadya sangawakhudze, mitengo ya azitona siimera kumeneko. Anatsala ndi tsekwe ndi nkhuku basi. Atsekwe ankawanenepetsa nyengo yozizira ikamayandikira, n'kuwapha cha mu Disembala, pa nthawi ya chikondwerero cha Hanukkah. Mafuta ndi chikopa ankaziduladula, n'kuziika pamoto wochepa ndi anyezi mpaka mafuta atasungunuka onse. Mafuta amenewo ndiwo schmaltz, ndipo ena ankawasungira Pasika m'mitsuko yapadera. Zotsalira pansi, tizikopa tokhwima tofiirira, ndi gribenes. Agogo aja ankati ana ankatilimbirana ngati mmene inu mumalimbiranirana nkhoko za mumphika wa nsima.

Nyama ina yonse amaichotsa magazi poiviika m'madzi theka la ola, kuithira mchere wamiyala kwa ola limodzi, kenako kuitsuka katatu. Chiwindi ayi. Magazi ake ndi ochuluka, mchere suwatha. Chiyambe chaona moto. Amachicheka pamwamba, kuchiwaza kamchere, n'kuchiyanika pawaya pamwamba pa makala kuti magazi adonthere pansi, akuchitembenuza mpaka kunja kuume. Akachichotsa amachitsukanso katatu. Wayayo inali ya ntchito yokhayo, siinkakhudza china. Agogo ankaimirira pambali panga nthawi zonse ndikamachita zimenezi. "Mwananga, usafulumire, moto umalize ntchito yake," ankatero. Ineyo ndimati kukoma kwenikweni kwa chakudyachi kumachokera pamenepa, pa kafungo ka utsi kamene chiwindi chowiritsa sichingakhale nako.

Zonsezi zinkachitika Lachisanu dzuwa lisanalowe. Likangolowa Sabata layamba, ndipo kufikira nyenyezi zitatuluka Loweruka palibe kukoleza moto. Ndi chifukwa chake ankafuna chakudya chokoma chikazizira. Lachisanu masana, ankatero agogo, mukadutsa mumsewu munkamva go go go m'nyumba iliyonse, amayi akusasantha chiwindi, mazira owiritsa ndi anyezi wokazinga m'mbale yamtengo yozama, ndi mpeni wokhota pansi wokhala ndi chogwirira pamwamba. Dzira ndi anyezi zinkachulukitsa kachiwindi kamodzi kuti aliyense alaweko ndi buledi woluka wa Sabata, challah.

Kenako anthu anayamba kubalalika. Mu 1881 mfumu Alexander II itaphedwa, magulu a anthu anaukira Ayuda kum'mwera kwa ufumuwo, kuwotcha nyumba ndi kupha. Umphawi nawo unali utafika pakhosi. Pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda pafupifupi 2 miliyoni a kum'mawa kwa Ulaya anawolokera ku America, ambiri n'kuthithikana ku Lower East Side mumzinda wa New York. Kumeneko nyama ya ng'ombe inali yotsika mtengo, ndipo chakudya cha amphawi chinalowa m'masitolo odyera otchedwa delicatessen. Ayuda a ku Romania anabweretsa pastrami, nyama yoviikidwa mumchere, yopakidwa tsabola, yofukizidwa ndi utsi kenako n'kuifewetsa ndi nthunzi. Pambali pake pankakhala nkhaka zowawasa, msuzi wa nkhuku wokhala ndi timibulu ta ufa wa matzo (buledi wawo wopanda chofufumitsa), ndi chiwindi chathu chija. Sitolo ya Katz's, yomwe chiyambi chake ndi 1888, ikugulitsabe mpaka lero.

A ku Lithuania ambiri anatsata mbiri ya golide amene anapezeka ku Joni mu 1886. Ankadutsira ku London n'kukwera sitima yapamadzi mpaka Cape Town. Wina akakhazikika ankaitana mng'ono wake, mng'onoyo n'kuitana mlamu wake, monga mmene ifenso tinkachitira. Agogo aja anafika chitseko cholowera kumeneko chisanatsekedwe ndi lamulo la 1930. Achemwali awo anatsala. Mu June 1941 asilikali a Germany analowa mu Lithuania, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo, mwa Ayuda khumi alionse a m'dzikolo, oposa asanu ndi anayi anali ataphedwa, ambiri powomberedwa m'maenje kunja kwa matauni awo. Makalata anangosiya kubwera. Mbale yamtengo ndi mpeni wokhota umene ine ndinkagwira Lachisanu lililonse zinali za mayi awo, ndipo ngakhale m'nyumbamo munali makina opera nyama, chiwindi sankalola kuti chilowemo.

Inunso mungathe kukonza, zonse zilipo pakhomo pano. Tengani ziwindi zokwana theka la kilo, muchotse ndulu bwinobwino chifukwa ikaphulika zonse zimawawa. Yambani mwasungunula chikopa ndi mafuta a nkhuku yonona, moto ukhale wochepa. Ziwindi muziwambe pambaula mpaka mkati musatsale kufiira kwa magazi, koma zisachite kuuma gwa. Anyezi awiri akuluakulu muwakazinge m'mafuta a nkhukuwo pang'onopang'ono kwa theka la ola, afiire ndi kutsekemera osapserera. Apa ndi pamene ophika ambiri amalephera, chifukwa amafuna anyezi apse m'mphindi zisanu. Wiritsani mazira atatu alimbe. Zonse muzisasanthe ndi mpeni pathabwa, osazisinja mumtondo, chifukwa dzino liyenera kupeza choluma. Thirani mchere, tsabola wakuda, ndi mafuta aja masipuni atatu kapena anayi mpaka zigwirane, ndipo tizikopa tokhwima tija mutinyenyere momwemo. Zizizire kaye musanadye ndi buledi. Ngati mulibe firiji, konzani zongokwana kudya tsiku lomwelo, chifukwa chiwindi ndi dzira sizichedwa kusasa kukatentha.