Mbiri ya Ntchito za Aphunzitsi a m'Mayunivesite m'Midzi ya ku Dedza

Zina mwa ntchito zoyambirira za aphunzitsi a m'mayunivesite kumapiri a Dedza zinachitikira m'mapanga. Mu 1972, J. Desmond Clark wa ku yunivesite ya California anakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere ku Chongoni, ndipo anafukula zida zamiyala za alenje akale amene Achewa amawatchula Akafula. Wophunzira wake, Gadi Mgomezulu, anapitiriza kukumba m'dera la Linthipe ndi Chongoni. Masiku amenewo zopezekazo zinkalembedwa m'Chingerezi, ndipo zinkawerengedwa kwambiri ndi ophunzira okhaokha.

Koma kukumba sikukanamasulira zojambula zoyera zimene zili pamiyala ya m'mapanga a ku Chongoni, popeza tanthauzo lake linali ndi eni mwambo. Mu 1978, Matthew Schoffeleers, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, ndi N. E. Lindgren anatulutsa kabuku kosonyeza kuti zina mwa zojambulazo ndi zilombo za Nyau. Pambuyo pake Leslie Zubieta wa ku yunivesite ya Witwatersrand anakhala pansi ndi amayi achichewa, ndipo zimene anamva zinamuthandiza kulumikiza zojambula zina ndi chinamwali. Mu 2006, bungwe la UNESCO linaika Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Ntchito za aphunzitsi a m'mayunivesite zinafikanso m'minda. Mu 2012, aphunzitsi a ku Bunda ndi a ku Michigan State University, pansi pa ntchito ya Africa RISING, anayamba kuyesa mbewu pamodzi ndi alimi a ku Linthipe ndi Golomoti. M'mudzi munkakhala munda umodzi waukulu, wotchedwa mayi, woyeserapo njira zingapo. Mlimi aliyense ankasankhapo yomwe yamukomera n'kukaiyesa pa kamunda kake, kotchedwa mwana. Ina mwa njirazo inali kuphatikiza mtedza ndi nandolo: mtedza umakhwima msanga pamene nandolo akukula pang'onopang'ono, ndipo masamba a nandoloyo akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka. Ku Lobi, aphunzitsi a ku Chancellor College ndi anzawo a ku Canada ndi America anathandiza alimi kuphunzitsana okhaokha za manyowa, kasakaniza wa mbewu ndi kadyedwe koyenera.

M'zaka 40 zimenezi, munthu wa m'mudzi anasiya kukhala wongofunsidwa mafunso, nakhala woyesa ndi wogamula chimene chikuyenera munda wake.