Khasu Lifuna Mphamvu

Pakati pa zaka za m'ma 1990, MASAF inabweretsa ntchito zachitukuko m'midzi mwathu: osauka ankalambula miseu, nalandira malipiro. Koma khasu lifuna mphamvu. Nkhalamba yolera ana amasiye, wodwala ndi wolumala anangopenya anzawo akulandira.

Chifukwa chake m'chaka cha 2006 boma linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji, kupereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa osowa wowagwirira ntchito. Popeza thandizo lililonse linali ndi mndandanda wake, pambuyo pake boma linakonza kaundula mmodzi, kuti wina asalandire kawiri mnzake akugona ndi njala.

Komatu kaundula sadziwa nyumba imene moto unazima. Oidziwa ndife anansi. Tikakhala chete pamsonkhano wotchula maina, nkhalamba ija idzatsalanso.