Karin Krog

Karin Krog ndi woyimba nyimbo za jazi wa ku Norway. Anabadwa pa 15 May 1937 mumzinda wa Oslo. Anayamba kuyimba ali mtsikana, ndipo mu 1955 woyimba piyano Kjell Karlsen anamutenga kuti aziyimba m'gulu lake. M'zaka za m'ma 1960 anaphunzira kayendetsedwe ka mawu kwa Anne Brown, mayi wa ku America amene anakhazikika ku Oslo.

Chimbale chake choyamba, "By Myself", chinatuluka mu 1964, chaka chomwe anakayimbanso pa chikondwerero cha jazi ku Antibes, m'dziko la France. Kuchokera pamenepo mbiri yake inawanda kunja. Mu 1970 anajambula "Some Other Spring" ndi Dexter Gordon, kenako mu 1976 "Hi-Fly" ndi Archie Shepp, onse akatswiri a sakisofoni a ku America. Wagwiranso ntchito zaka zambiri ndi John Surman wa ku England.

Krog sathamangitsa nyimbo. Amakoka liwu pang'onopang'ono, n'kulipinda kapena kulitsitsa mpaka lifike ponong'ona. Analinso m'gulu la oyimba jazi oyambirira kusintha mawu awo ndi zipangizo zamagetsi, koma nyimbo zakale za George Gershwin sanazitaye.

Mu 1987 anatsegula kampani yakeyake yojambula nyimbo, Meantime Records. Analandira mphotho ya Buddy mu 1965, ndipo mu 2005 dziko la Norway linamulemekeza ndi nyota ya St. Olav. Ndi mmodzi wa oyimba amene anachititsa kuti jazi ya ku Norway idziwike padziko lonse.