Kalendala ya Nswala Imene Mafumu a ku England Ankaimvera

Mfumu William atalanda dziko la England mu 1066, anapatula nkhalango zikuluzikulu kuti zikhale zake zochitiramo ulenje, ndipo ina mwa izo, New Forest, ilipo mpaka lero. Malamulo a nkhalangozi anali ouma, moti mmphawi wopha nswala ankatha kukolowoledwa maso. Koma m'malamulo omwewo munali chinthu chimodzi chimene mfumu sinkachita kulamula: nthawi. Masiku osaka ndi masiku oletsa ankatsata nyengo imene nswala zofiira zimakwerana ndi kuswa. Mwambo woletsa ulenje pa miyezi ina wakhalitsa zaka mazanamazana chifukwa unamangidwa pa chinthu chosasuntha, chomwe ndi kutalika ndi kufupika kwa usana.

Chikalata cha nkhalango cha mu 1217, m'nthawi ya Henry Wachitatu, chinalamula kuti oyang'anira nkhalango azikumana kutatsala masiku 15 kuti chifike chikondwerero cha Yohane Mbatizi cha pa 24 Juni. Apa ndi pamene unkayambira mwezi woletsa, wofika masiku 15 chikondwererocho chitapita. M'mweziwu anthu sankaloledwa kuyendayenda m'nkhalango ndi agalu kapena nkhumba, popeza ana a nswala amakhala atangobadwa, atabisala phee mu udzu, amayi awo akudya chapatali. Zamphongo ankazisaka m'nyengo yofunda, zitanona, n'kulekeza pa 14 Seputembala. Alenje ankadziwa kuti likadutsa tsikulo mphongo imayamba kubangula usiku wonse, kugubuduka m'matope, kulimbana ndi zinzake nyanga kwa nyanga ndiponso kuiwala kudya, moti imaonda ndipo nyama yake imanunkha. Zazikazi zinkasakidwa m'nyengo yozizira mpaka pa 2 Febuluwale, ana a chaka chimenecho atakula koma bere lisanalemere.

Alenje amenewa ankaona zochitika osadziwa choyambitsa chake. Lero zikudziwika kuti usana ukayamba kufupika, kachiwalo kena ka mu ubongo kamatulutsa melatonin kwa maola ambiri usiku uliwonse, ndipo zimenezi zimadzutsa chilakolako mwa zamphongo ndi kukonzekeretsa zazikazi. Kukwerana kumafika pachimake mu Okutobala, bere limatenga pafupifupi masiku 233, ndipo ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, msipu uli wanthete. Umboni wamphamvu unachokera ku New Zealand, kumene nswala za ku Britain zinatengedwera m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860. Zitaoloka kum'mwera kwa dziko lapansi zinasintha ndi theka la chaka: kumeneko zimabangula mu Malichi ndi Epulo, n'kuswa cha mu Novembala ndi Disembala. Magazi ndi omwewo, chinasintha ndi nthawi imene usana umafupika.

Wina anganene kuti mafumu ankangoteteza nyama yawo, osati chifukwa chomvera chisoni nswala. N'zoona, ndipo chikalata cha 1217 chinabwera chifukwa anthu anali atatopa ndi nkhanza za malamulowa. Komabe umbombo womwewo unkafuna kuti chaka chamawa nswala zidzapezeke, monga mlimi sadya mbewu, choncho unayenera kugonjera nthawi ya nyamazo. Wina anganenenso kuti chakudya ndi nyengo ndi zimene zimalamula, osati kuwala. Pachilumba cha Rum ku Scotland, kumene akatswiri, poyamba motsogozedwa ndi Tim Clutton-Brock, akhala akutsata nswala imodziimodzi kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, zaoneka kuti yaikazi yowonda kapena yoyamwitsa imatenga bere mochedwa, ndiponso kuti pamene dziko likufunda, ana akubadwa mofulumirirapo ndi masiku pafupifupi 12 pa zaka zoposa 40. Kusinthaku n'kwenikweni, koma n'kwa masiku, osati miyezi. Kuwala kumatsegula nyengo, ndipo thanzi la nyama limangosankha tsiku mkati mwake.

Mitundu ina ikutsimikiza mfundoyi. Nswala zazing'ono za mtundu wa roe zimakwerana mu Julayi ndi Ogasiti, koma kamwana kamaima kukula m'mimba mpaka cha m'Januwale kuti kadzabadwe mu Meyi kapena Juni. Muntjac, yochokera ku China, imaswa mwezi uliwonse, ndipo lamulo la England silinaiikire nyengo yoletsa, popeza palibe mwezi woti n'kuutchinga.

Malamulo amakono, la Scotland la 1959 ndi la England ndi Wales la 1963, anatsata njira yakaleyo. Nswala zitachuluka mpaka kuwononga mitengo yaing'ono, boma la Scotland linachotsa nyengo yoletsa kupha zamphongo mu Okutobala 2023, koma ya zazikazi linaisiya. Pamenepa panaonekera fupa la mwambo wonsewu. Masiku a zamphongo anali okhudza kukoma kwa nyama ndi ulemu wa alenje, choncho boma likhoza kuwasintha. Masiku a zazikazi amateteza ana osabadwa ndi oyamwa, ndipo aliyense wolemba lamulo la ulenje ayenera kuwawerenga kuchokera kwa nyamayo.